Kabotolo ka Inasiyo

Galimoto ya kanta yonyamula mbatatesi inanyamuka pa Tsangano dzuwa lisanatenthe, ine ndili pamwamba pa matumba, nditafunda chitenje chachiwiri, pakuti mphepo ya kwathu kuno sidziwa kuti kunja kuli chilimwe. Amuna anga pondikankhira m'mwambamo anandifunsanso ngati ndinalidi wotsimikiza kuti ndikupita mpaka ku Macanga kukatenga kachikumbu. Ndinawauza kuti akafunsanso kamodzi ndikawabweretsera chikumbu chachikulu choti chikhale ndiwo yawo sabata yonse. Anangopukusa mutu n'kundipatsira thumba langa.

Kuti mumvetse misala imeneyi, ndiyambe ndi Inasiyo, mlongo wanga, chitsirizira m'nyumba mwa amayi. Pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, amayi anasenza katundu, ine ndinabereka iyeyo. Njira yonse kuchokera ku Ntcheu ankangondipinda msana uku ndi uku, kufuna kugwira chiwala chilichonse chodumpha m'udzu. Khalidwe limeneli sanalisiye. Atakula anakhala profesolo, ndiye kuti mphunzitsi, anamutumiza ku sukulu ina ya kumudzi kuseri kwa Chidzolomondo ku Macanga, ndipo anakwatira komweko mkazi wofatsa dzina lake Dominga. Zaka zinapita, mwana osaoneka. Anthu analankhula monga amalankhulira anthu, koma Inasiyo ankangoseka n'kuloza timabotolo take ta tizilombo pazenera, amvekere ana ake ndi amenewo, salira usiku ndipo sapempha nsapato.

Pakati pa anawo panali kamodzi kamene kanamulanda mtima. Kanali kachikumbu ka m'dambo, kosaposa nankafumbwe kukula, kofiirira, ka ubweya wosalala ndi timadontho tiwiri totuwa kumsana. Miyendo yake yakumbuyo inali yonenepa, ndipo ukakayandikira kankadumpha ngati nthata. Ankatigwira pokokolola mlulu ndi kaukonde kamene anasoka ndi masikito akale, n'kutiika m'timabotolo ta jakisoni totha ntchito, mothiridwa kachasu wa mutu kuti tisavunde. Kabotolo kamodzi anatumiza ku Maputo kwa dotora wina wamkazi wodziwa za tizilombo, amene anakumana naye pa maphunziro a aphunzitsi. Yankho linabwera loti kachikumbuko sikanali m'buku lililonse padziko, koma tonse timene anatumiza tinali tatikazi. Akuti tizikumbu ta mtunduwu timafanana kwambiri kunja, moti amatisiyanitsa potumbula kamphongo n'kuona ziwalo zake zaumuna pa makina okuza zinthu. Atandifotokozera zimenezi ndinaseka mpaka kutsamwa.

"Sekani, mana," anatero, pakuti ankanditchula choncho ngati mkulu wake. "Koma popanda kamphongo, dzina palibe."

Mvula ili pakati anandiimbira foni ataima pa chulu chimene amakolera redi, netiweki ya foni, kwawoko, mawu ali njenjenje ngati mwana. Anali atapeza timphongo. Anati watiika m'kabotolo kaokha, wamangirira ulusi wofiira pakhosi pake kuti kasasokonezeke ndi tina, ndipo msewu ukangouma akatumiza. Mwezi usanathe malungo anamugwira. Mtsinje wa pakati pa mudzi wawo ndi msewu unali utadzaza, ndipo pamene madzi ankaphwa iye anali atapita kale. Anamuika komweko kwa mkazi wake, ife kuno tinamva dothi litakwiriridwa kale. Ndinakwiya. Mkwiyo wanga suchedwa kubwera koma umachedwa kuchoka, choncho abale ena atapita kukapepesa mvula itasiya, ine ndinatsala.

Ndiye mwezi wathawu foni yanga inalira ndili pamsika. Anali dotora uja, nambala yanga anapatsidwa ndi Inasiyo. Chipwitikizi changa n'cha pamsika, chowerengera matumba, koma ndinamva. Anati zonse za kakakazi analemba kale, kutalika kwake, maonekedwe ake, dambo limene kamakhala, kwangotsala kamphongo. Kabotolo kaja kakapezeka, amaliza ntchitoyo ndipo kachikumbuko akapatsa dzina la Inasiyo, lidzakhala m'mabuku mpaka kalekale. Ndinakhala pansi pa thumba. Munthu wopanda mwana dzina lake limathera pamanda, ndipo ine sindinafune kuti la mlongo wanga lithere pamenepo. Nditamuimbira Dominga kumufunsa za kabotoloko, anangoti, "Bwerani, alamu. Za pafoni n'zovuta."

Ndi mmene ndinapezekera pamwamba pa mbatatesi.

Tisanafike pa Mphulu, potsika chitunda china, tayala lakumbuyo linaphulika. Motorisita, woyendetsa galimotoyo, anatsika, analiyang'ana, anayang'ana kumwamba, kenako anaulula kuti chonyamulira galimoto anabwereketsa alamu ake dzulo. Panalibe kuchitira mwina, tinatsitsa matumba onse, amuna n'kumatukula galimoto ndi mtengo wa bulugamu, ena akulowetsa miyala pansi. Ife amayi tinakhala pa matumbawo m'mbali mwa msewu. Monga wogulitsa mbatatesi mtima unandiwawa kuona katundu wa eni akuotha dzuwa chotero, ndipo ndinamuuza mwini wake kuti afunditse udzu. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Ndinangoti zako izo, mbatatesi si zanga.

Pa Mphulu tinafika dzuwa lili pamutu. Pamenepo phula limayamba, ndipo chapa, minibasi ya ku Ulongue, sinachedwe. Kobradolo wake wotolera ndalama, kamnyamata ka ndolo kukhutu, anafuna kuti thumba langa nalo lilipire ngati munthu. Ndinamufunsa ngati thumbalo lakhala pa mpando kapena pa miyendo yanga, ndipo ngati miyendo yanga ili ya bwana wake. Anthu anaseka, iye anasiya. Tinadutsa Ntengo wa Mbalame ine ndikuodzera, mutu utatsamira pa phewa la munthu wosamudziwa.

Pa Ulongue ndi pamene ndinaonera zakuda. Chapa ya ku Furancungo inaoneka yotsala pang'ono kudzaza, injini ikulira, kobradolo akufuula kuti kwatsala anthu awiri okha. Ndinalipira msangamsanga n'kukhala. Koma munthu mmodzi akakwera, wina amene ndinamupeza atakhala ankatsika mwakachetechete ngati akukataya madzi, osabwereranso. Anali anthu ongokhalitsidwa kuti galimoto ioneke yodzaza. Injini ija inazimitsidwa. Tinakhala pamenepo thukuta lili kamukamu, mwana wa mayi wina akulira, nkhuku pansi pa mpando ili wefuwefu. Ndinatsika kukagula shuga, mchere ndi sopo. Ndinali wokwiya ndi Dominga, inde, koma munthu safika pakhomo pa maliro chimanjamanja.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Msewu wa ku Domue ndi wa fumbi lofiira lolowa mpaka m'mano, ndipo titadutsa Domue pang'ono tinamva kuti gwa! pansi pa galimoto. Chitsulo chonyamula thupi la galimoto kumbuyo chinali chitathyoka. Motorisita ndi kobradolo analowa kunsi ndi linya ndi chipika cha mtengo, ife tinakabisala pansi pa mtengo wa mango.

Pakati pathu panali bambo wina wamtali, wa chipewa cha mlaza, atanyamula pampu yatsopano yopopera mbewu, imene sankaisiya pansi ngakhale pokhala. Anali munthu wa nkhani. Anatiuza za mitengo ya fodya, za mvula imene iye ankadziwa kale kuti ichedwa, za mpongozi wake waulesi. Atandifunsa kumene ndimalowera ndinati ku Chidzolomondo, ndipo anakondwa kwambiri poti n'kwawo. Sindinafunse kanthu, anayamba yekha.

"Kwathuko kunali profesolo wina, wamwalira chaka chomwe chino. Munthu wabwino ndithu, ana ankawaphunzitsa bwino. Koma inu mayi, munthu wamkulu n'kumayenda m'dambo ndi masikito, kutola tizilombo n'kumasunga m'mabotolo? Ena amati mphamvu yake yobereka inathera m'menemo."

Anthu anaseka. Mayi wa mwana uja anati zinthu zoterozo mwini wake akafa amaziwotcha tsiku lomwelo, sazisiya m'nyumba. Mawu amenewo anandilasa kuposa a bamboyo, pakuti ndi zimene ndinkaopa chiyambire pamene Dominga anazemba funso langa pafoni paja. Ndinaimirira.

"Profesolo ameneyo," ndinatero, "ndinamubereka ndine kumsana kuno kuchokera ku Ntcheu."

Bamboyo anavula chipewa. Anati pepani mayi, pakamwa sipayenda ndi maso. Ndinali ndi mawu ambiri omubwezera, ndipo amene amandidziwa pamsika angakuuzeni kuti sindisowa mawu, koma misozi inanditsogolera. Ndinalira pansi pa mango aja pamaso pa alendo, kulira kumene ndinakukaniza miyezi yonseyi. Mayi wa mwana uja ndi amene anabwera kudzandigwira.

Galimoto itakonzeka bamboyo anandisiyira malo ake a kutsogolo, iye n'kukadzipanikiza kumbuyo ndi pampu yake. Tikuyenda pang'onopang'ono ngati tanyamula mazira, anandigwira paphewa n'kundiuza motsitsa mawu kuti pali china choti ndidziwiretu. Dambo limene profesolo ankayendamo linagawidwa chaka chino, anthu akumbamo zitsime n'kuikamo nazale za fodya. Imodzi mwa nazalezo inali yake. Ndinangoona kuti tsopano zonse zatsalira pa kabotolo kaja.

Pa Furancungo tinafika kutada. Mayi wa mwana uja anakana kuti ndikagone pakhonde la sitolo, ananditengera kwa mchemwali wake kuseri kwa msika, kumene anandipatsa madzi osamba ndi mphasa. M'mawa ndinapeza mota, njinga yamoto ya ku Chidzolomondo. Mwini wake anayamba ndi mtengo wa azungu, ndinamuuza kuti andiyang'ane bwino, tinagwirizana pakati. Anamangirira thumba langa kumbuyo ndipo tinalowa m'fumbi.

Msewu waukulu tinausiya pa Chidzolomondo n'kulowa kanjira ka ngolo, kodutsa m'minda yotenthedwa, zigafa za fodya zili mbuu m'mbali. Pena pake kanjirako kanatsikira mumchenga, mota inayamba kuvina, ndipo tonse awiri tinagwa chammbali pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa. Palibe anavulala. Mwini mota anati ndiyende wapansi mpaka tsidya, iye akankhe. Ndili pakati pa mchengawo ndinamufunsa dzina la malowo, ndipo atalitchula ndinaima pomwepo. Unali mtsinje uja. Munali mchenga wokhawokha, ndowe za ng'ombe, ndi kadzenje kamene amayi anafukula kuti apeze madzi. Mtsinje umene unatsekera mlongo wanga njira ya kuchipatala ndinauwoloka mapazi osanyowa.

Dambo lija ndinaliona tili pamtunda. Inasiyo ankalifotokoza ngati munda wa Edeni, mlulu wofika m'chiuno, madzi ozizira ngakhale m'chilimwe. Ine ndinaona mabedi a nazale ali ndandanda, ena akuda ndi phulusa la mapesi amene amawotcherapo, ena ofunditsidwa udzu, anthu akuyenda ndi makeni. Mphepo inabweretsa fungo la mankhwala opopera. Kumapeto kwenikweni kunatsala kachigawo ka mlulu kosakwana bwalo la nyumba. Sindinawade anthuwo. Nanenso ndimalima m'dambo kwathu, ndipo mwana sadya chikumbu.

Wofika mochedwa pamaliro amayambira kulira kunja kwa mudzi, ndipo ine sindinachite kudzikakamiza. Amayi anatuluka m'nyumba zawo kudzandilandira, n'kundiperekeza mpaka pakhomo la Dominga. Anali ataonda, tsitsi limene anameta pamaliro likadali lalifupi. Tinakhala pansi pakhonde titagwirana, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti ndabwera ndi mlandu. Anthu atabalalika anandilowetsa m'nyumba.

Timabotolo tonse tinali pazenera pomwe paja, topukutidwa bwino, kachasu atawonjezeredwamo. Kaukonde kaja kanali pa msomali. Dominga anati amalume ake anafuna kuti zonsezi ziwotchedwe, koma iye anagona pakhomo n'kunena kuti ayambe awotcha iyeyo. Mtima wanga unakhala pansi koyamba chichokereni ku Tsangano. Ndinayamba kutinyamula kamodzikamodzi, kuyang'ana pakhosi. Munali tizilombo tofiira, takuda, tina tonga nyerere. Ndinabwereza kuyambira koyamba. Ka ulusi wofiira panalibe.

Nditacheuka ndinapeza Dominga atakhala pamphasa, manja ali pamiyendo, akundiyang'ana ngati munthu amene wadikira tsikuli nthawi yaitali.

"Khalani pansi, alamu, ndikuuzeni."

Sindinakhale. Anayamba choncho ine ndili chiimire. Anati tsiku la maliro, bokosi lisanakhomedwe, kunabwera azakhali a Domingayo ndi chitsononkho cha chimanga atachikulunga m'kansalu ngati khanda. Kwawoko munthu akapita osasiya mwana amamuika nacho, akuti kuti asabwerere kudzafuna mwana kwa amoyo. Akutchalitchi amadziwa, amangoyang'ana kumbali.

"Anthu onse akuona, alamu. Ana a sukulu ali pakhomo pomwepo. Zaka zonsezi amuna anga anawaseka ali moyo, ndiye awasekenso ali m'bokosi? Ndinati ayi. Amuna anga sapita ndi chitsononkho ngati munthu amene analibe kanthu. Ana anali nawo."

Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Kabotolo kameneko ankagona nako kumutu. Ngakhale malungo atawasokoneza, ankakafufuza ndi dzanja. Ndinakatenga, ndinawafumbatitsa, ndinawapinda zala. Azakhali anabwerera ndi chitsononkho chawo."

Ndinamufunsa ngati sankadziwa kuti dotora akukadikira. Mawu anga anatuluka owuma, ndinawamva ndekha.

"Ndinkadziwa," anatero. "Ndinkadziwa bwinobwino. Ndinati mvula ikasiya ndikagwira tina, poti ndinkawaperekeza, kukokolola ndimatha. Ndapitako, alamu, ndapitako mpaka anthu ayamba kundinena. Mulibe."

Njira yonse ndinali nditanola mawu. Ndinawanola pa matumba a mbatatesi, pa Ulongue, pansi pa mango, ndinkadziwa poyambira ndi pothera. Ndinawafufuza m'kamwa, munalibe ngakhale limodzi. Ndinabwera kudzapulumutsa dzina la mlongo wanga kuti likakhale m'mabuku a anthu amene sanamuonepo, ndipo mkazi uyu anali atalipulumutsa kale pamaso pa anthu amene ankamuona tsiku ndi tsiku. Koma dzina lija la m'mabuku linali litapita, ndipo zinandiwawa, zikundiwawabe mpaka lero. Ndinakhala pamphasa pambali pake. Patapita nthawi ndinamasula thumba n'kutulutsa shuga ndi mchere, poti china chochita ndi manja anga panalibe.

M'mawa mwake amalume ake aja anatitsogolera kumanda, pakuti kumeneko munthu sapita yekha. Mtumbira unali utatitimira pang'ono ndi mvula, pamtanda atalemba dzina lake ndi penti yabuluu imene inayamba kale kusuluka. Ndinagwada n'kuika dzanja padothi, cha pamene ndinaganiza kuti pali manja ake. Ndinafuna kumukalipira monga ndinkachitira ali mwana, kuti nanga osatumiza msanga bwanji, koma ndinangomuuza kuti ndabwera, ndachedwa, msewu ndi woipa.

Pobwerera Dominga anandionetsa chulu chija. Pamwamba pake panali posalala ndi mapazi a anthu. Ndinakwera, foni inagwira redi, ndinaimbira dotora uja, ndipo ndisanaganize zoti ndinene inayamba kuitana. Dotora anayankha msanga ngati anali ataigwira m'manja. Anandifunsa m'Chipwitikizi, mawu ali mwamba ndi chiyembekezo, ngati ndakapeza kabotolo.

Ndinayang'ana pansi. Dominga anali ataima patsinde pa chulu, akuyang'ana kumanda kumene tinachokera. Chipwitikizi changa chonse cha pamsika chinandithawa, ndipo ndinayankha m'chinenero chimene mayiyo samva.

"Ndakapeza, dotora. Ana ali ndi bambo awo."